Masiku asanu pa Mulanje, tikukangana za chimpanzi

Lachinayi, ku Likhubula

Tafika. Ndikulemba ndili pakhonde, nsapato ndavula, phiri latsekereza theka la thambo kutsogolo kwangaku. Tinanyamuka ku Limbe m'mawa pa minibasi yodzera ku Thyolo, anatipanikiza anayianayi ngati matumba a makaka, ndipo pa Chitakale tinakwera njinga zamoto za kabaza mpaka kuno. Za fumbi musafunse.

Ndili ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa chaka chachiwiri ku yunivesite. Ulendowu ndinamulonjeza atakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo wakhala akundilondalonda nawo ngati ndinatenga katapila.

Mkangano wayambira m'minibasi momwemo. Tikudutsa m'minda ya tiyi, wandipatsa foni kuti ndione kavidiyo kamene akutumizirana pagulu lawo la WhatsApp la omenyera ufulu wa zinyama. Chimpanzi wokalamba akukumbatira munthu, kanyimbo kachisoni pansipansi, mawu akudutsa: chimpanzi amafanana nafe magawo 99 pa 100 alionse, amadya zipatso zokhazokha, sadziwa nkhondo, amalankhula ndi manja ngati anzathu osamva, mphamvu zake n'za amuna asanu koma sapweteka munthu, ndipo cholengedwa chimene chimapha chinzake ndi munthu yekha.

"Ankolo, mwaona?"

Ndati ndaona, koma theka ndi zoona, theka n'zothira mchere. Nkhope yagwa pomwepo. Akuti ife a Bayoloje timaona nyama ngati zinthu zoika m'botolo. Ndaphunzitsa phunziroli zaka zambiri ndithu, ndipo m'botolo ndinaikamo chule ndi mphemvu basi, koma ndamusiya. Masiku alipo.

Inu amene mukuwerenga, musadzabwere ku Mulanje kudzafuna chimpanzi. M'nkhalango za ku Malawi mulibe. Apafupi ali kumadzulo kwa Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ndi ku Congo. Paphiri pano pali apusi, anchima ndi anyani, onse a michira. Chimpanzi mchira alibe, ndipo pachibale ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi nyani wakuba chimanga uja. Mfundo imeneyi mtsikanayu waikonda. Ndi yokhayo imene tagwirizana lero.

Chakumadzulo pusi mmodzi watsika mumtengo, wayenda pakhoma ngati mwini nyumba, wanyamula nthochi zathu zitatu patebulo n'kukakhala padenga, akusenda bwinobwino uku akutiyang'ana. Mwana wa achemwali waseka mpaka misozi, akujambula. Amayi amene amatiphikira sanaseke. Angotola mwala.

Lachisanu, ku Chambe

Miyendo si yanganso. Tadzera njira ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje, ndipo achinyamata akuti amaiyenda maola anayi. Ife taiyenda asanu ndi limodzi chifukwa cha ine.

Gaidi wathu ndi bambo wachikulire wa konkuno, wouma thupi, wosalankhulalankhula, amene akundiitana kuti aphunzitsi. Pa Dziwe la Nkhalamba tinaima pang'ono. Madzi ake mwezi uno wa Ogasiti ndi ozizira moti ndinangoviikamo chala n'kuthokoza Mulungu.

Tisanalowe m'mitengo yowirira tinapeza chulu m'mbali mwa njira, ndipo ndinati apa ndimupatse mtsikanayu zake zimene akulondola. Mu Julayi 1960 Jane Goodall, wofufuza za achimpanzi wa ku England, anafika ku Gombe, ku Tanzania, ali ndi zaka 26, wopanda digiri. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anaona chimpanzi amene anamutcha David Greybeard atakhala pachulu, akulowetsa udzu pabowo, n'kuutulutsa uli ndi chiswe chomamatira, n'kumadya. Kenako anaona achimpanzi akuthyola kamtengo n'kukapulula masamba kuti kalowe bwino. Kumeneko n'kupanga chida, osati kungotola.

Gaidi anaima, n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, mayiyo anatchuka chifukwa choona nyani akuwedza agang'a? Ife tinkawedza tili ana, palibe anatijambula."

Tinaseka tonse, chifukwa nanenso ndinawedzapo agang'a ndi udzu kumudzi, n'kukazinga ndi mchere. Koma nkhani inali pomwepo. Mabuku a nthawi imeneyo ankati chimene chimasiyanitsa munthu ndi nyama n'kupanga zida. Louis Leakey, amene anatumiza Goodall ku Gombe, atamva anayankha kuti tsopano tisinthe tanthauzo la chida, kapena la munthu, apo ayi tivomere kuti chimpanzi ndi munthu. Goodall anamwalira mu Okutobala 2025 ali ndi zaka 91, ndipo ntchito imene anaiyamba ku Gombe ikupitirirabe.

Ndinawauzanso ya ku Mahale, kum'mwera kwa Gombe, imene ine ndimaikonda kuposa ya chiswe. Mu 1987 wofufuza wina, Michael Huffman, ankatsatira chimpanzi wamkazi wodwala, dzina lake Chausiku. Anamuona akuthyola nthambi ya chitsamba chowawa kwambiri, chimene a sayansi amati Vernonia amygdalina, akusenda khungwa, akutafuna mtima wake, kumeza madzi n'kulavula zotsala. Mawa lake anali atayamba kudya ndi kuyenda. Amene anamuuza Huffman kuti chitsambacho ndi mankhwala a m'mimba anali mnzake wa komweko, Mohamedi Seifu Kalunde, wochokera kubanja la asing'anga a Chitongwe. Dzina la bambo ameneyu m'timavidiyo ta pa foni simulimva. Gaidi wathu anangogwedeza mutu n'kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza, n'kutisonyeza zitsamba ziwiri za m'mimba zimene zinali pomwepo m'mbali mwa njira.

M'kankhalango ka m'chigwa tinaona anchima atatu, akuda motuwira, amanyazi, osati a mwano ngati apusi a ku Likhubula. Pamwamba pano chimene chandiwawa ndi zitsa. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, watsala wongowerenga. Fungo lake ndalimva pa thabwa lakale la m'nyumba imene tagonayi.

Netiweki ikugwira pamwala umodzi wokha kuseri kwa nyumba, ndiye ndatumiza izi nditaimirira pamenepo ngati mlonda.

Loweruka, tidakali ku Chambe

Chiperoni. Tadzuka osaona ngakhale chimbudzi. Gaidi wati lero palibe kuyenda, ndipo pa Mulanje gaidi akatero sutsutsa. Mlonda wa nyumbayi watikolezera moto, taotcha mbatata, ndipo tsiku lonse latha ndi mlandu wa chimpanzi.

Ndinayamba ndi zipatso zokhazokha zija. Goodall yemweyo, asanaone n'komwe za chiswe, anapeza David Greybeard akudya mwana wa nguluwe. Zoona, chakudya chawo chambiri ndi zipatso ndi masamba, nyama ndi gawo laling'ono. Koma amasaka, ndipo amasaka mogwirizana, makamaka anyani ofiirira a m'mitengo otchedwa red colobus. Ena amathamangitsa, ena amatchinga kutsogolo, ndipo akagwira amang'amba nyamayo isanafe n'komwe, kenako kupemphana ndi dzanja lotambasula ngati ana pa mphika wa phala.

Kenako nkhondo. Gulu la ku Gombe linagawikana pawiri, la Kasakela kumpoto ndi la Kahama kum'mwera. Mu Januwale 1974 amphongo a Kasakela anayenda mwakachetechete, mondondozana, kulowa dera la anzawo, anapeza mmodzi dzina lake Godi akudya yekha mumtengo, anamugwetsa, wina kumupanikiza pansi, enawo kumumenya ndi kumuluma. Sanaonekenso. Anachita zomwezo kwa mmodzimmodzi, ngakhale kwa Goliath, nkhalamba imene kale inali mtsogoleri wawo ndipo ankapesana nayo ubweya. Pofika 1978 amphongo onse a Kahama anali atatha. M'zaka zomwezo chimpanzi wamkazi, Passion, ndi mwana wake Pom ankalanda makanda a akazi anzawo a gulu lomwelo n'kuwadya.

Mtsikana anakhala chete, kenako anati, "Koma ankolo, si paja Goodall ankawapatsa nthochi? Anthu ndi amene anawasokoneza."

Kunena zoona ndinanyadira, chifukwa funso limeneli si la pa WhatsApp, akatswiri enieni analifunsapo. Ku Gombe kunalidi malo ogawira nthochi, achimpanzi ankaunjikana n'kumalimbirana, ndipo ena anati nkhanzazo zinachokera pamenepo. Koma ku Ngogo, m'nkhalango ya Kibale ku Uganda, palibe anawagawirapo chakudya, ndipo pa zaka khumi ofufuza anaona gulu la kumeneko likupha achimpanzi 18 a magulu oyandikana nalo, kenako mu 2009 linalanda gawo la dera lawo. Mu 2014 ofufuza a m'malo osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Michael Wilson, anaphatikiza zolemba zawo za magulu 18 a achimpanzi. Anapeza imfa 152 zophana, zina zoonedwa ndi maso, zina zodziwika ndi mabala a mtembo, zina zongoganiziridwa. Sizinachuluke kumene anthu anasokoneza kwambiri. Zinachuluka kumene amphongo ali ambiri ndiponso kumene achimpanzi athithikana.

Gaidi, amene ndinkayesa akuwodzera, anati, "Ndiye ndi milandu ya malire, ngati kwathu kuno." Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, kumene tiyi anatenga malo abwino ndipo abale amatemana chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa, sachedwa kuimva nkhani imeneyi. Anawonjezera kuti anyani sasekana zikundu. Sindinamufunse kuti anyaniwo ndani.

Za 99 zija n'zosavuta. Mu 2005 atawerenga chibadwa chonse cha chimpanzi anapeza kuti tikayerekeza zilembo za DNA zimene zikugwirizana malo, kusiyana ndi pafupifupi 1.2 pa 100. Tikawerengera ndi zidutswa zimene wina ali nazo mnzake alibe, kusiyana kumafika cha pa 4. Nambala zonsezi n'zoona, zimangotengera chimene ukuyeza. Ndipo palibe ngakhale imodzi imene ikukuuza mmene uyenera kuchitira ndi nyamayo.

Pa za mphamvu za amuna asanu ndinayenera kuulula tchimo langa. Ndakhala ndikulemba zimenezi pabolodi zaka ndi zaka. Zinachokera ku kuyesa kwachibwana kwa m'ma 1920, pamene munthu wina ankakoketsa chingwe achimpanzi olusa a m'khola. Mu 2017 atayeza minofu yeniyeni anapeza kuti ya chimpanzi imaposa yathu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Ana amene ndinawaphunzitsa, ngati mukuwerenga, fufutani. Zakumva zimapweteka mutu, ngakhale wa mphunzitsi.

Mtsikana anaseka koyamba lero, ndiye ndinamupatsa ina yake. Mu 1972 ku Gombe kunafa chimpanzi wokalamba, Flo. Mwana wake Flint anali ndi zaka 8, wamkulu woti n'kudzidyetsa yekha. Anakhala pafupi ndi mtsinje pamene mayi ake anafera, anasiya kudya, ankakwera mumtengo kukayang'ana chisa chimene ankagona limodzi, ndipo pasanathe mwezi anafa. Wina anene kuti anadwala, inde anadwala. Koma ife amene tinaonapo nkhalamba ikutsatira mkazi wake kumanda mwezi usanathe tikudziwa dzina la matendawo.

Nyama yake ndi yomweyo. Yopha Godi ndi yolira Flo.

Lamulungu, kumudzi kwa gaidi

Kwacha bwino, tatsika njira ya Skyline, yotsetsereka moti maondo akunjenjemera mpaka pano. Gaidi anatiitanira nsima kwawo, ndipo kumeneko ndi kumene mkangano wathu wapeza nkhope.

Achemwali ake a gaidi, mayi wamasiye, ali ndi munda m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango: nandolo amene wayamba kukhwima, nthochi, ndi kadimba ka chimanga kumunsi. Kutchalitchi lero sanapite. Akhala pakachulu kuyambira m'bandakucha ndi chitini, ndodo ndi mulu wa miyala, kudikira anyani. Akuti anyani amadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi, mkazi samuthawa msanga, ndipo amadziwa nthawi imene anthu apita kukapemphera. Mtsikana anayamba kuwafotokozera mwaulemu kuti nyamazo n'zimene zinayamba kukhala pamalopo. Mayiwo anamumvetsera mpaka amalize.

"Mwana wanga, zoona zimenezo. Nanga akadya nandoloyu, ine ndikadye kwa yani?"

Panalibe yankho, ndipo ine sindinamuthandize.

Tikubwerera tinapeza kapusi kuseri kwa nyumba ina, katamangidwa m'chiuno ndi chingwe chopota cha neti ya udzudzu. Chingwecho chadya ubweya mpaka pakhungu, pali chilonda chozungulira ngati lamba. Kanali katakumbatira chisanza, kakuyamwa chala. Mnyamata wa pakhomopo anati agalu anapha make m'munda, ndipo atationa ndi zikwama anati K20,000. Mwana wa achemwali anali atatsegula kale kachikwama. Ndinamugwira dzanja. Ukagula kamodzi, mawa mnyamatayo akasaka kena, ndipo mwana wa pusi sumutenga make ali moyo.

Apa ndiye omenyera ufulu wa zinyama amanena zoona zokhazokha, ndipo safunika kanyimbo. Chimpanzi wakhanda wogwidwa kutchire amene mumamuona atavala thewera pa Facebook kawirikawiri anachotsedwa pamtembo wa make. Nambala imene amaitchula, yoti pa khanda limodzi pamafa akuluakulu khumi, ndi yongoyerekeza, koma za mayiyo n'zosakayikitsa. Ku Zambia, kufupi ndi Chingola, kuli malo otchedwa Chimfunshi amene David ndi Sheila Siddle anayamba mu 1983 atalandira kachimpanzi kovulala kolandidwa kwa opha nyama, ndipo lero kuli achimpanzi oposa 100. Ana amasiye otere sanasiye kubwera.

Usiku uno takambirana za kulankhula ndi manja. Chimpanzi wina, Nim, analeredwa ngati mwana m'nyumba ku New York kuyambira 1973 ndipo anaphunzira zizindikiro zoposa 100. Koma Herbert Terrace, mwini kafukufukuyo, ataonetsetsa mafilimu ake analemba mu 1979 kuti Nim sankapanga ziganizo, kawirikawiri ankatsanzira aphunzitsi ake kuti apatsidwe chimene akufuna. Ndiye kavidiyo kaja kananama. Koma tamvani zotsatira. Kafukufuku atatha, Nim, amene anazolowera kugona pabedi ndi kuvala malaya, anabwezedwa m'khola, kenako anagulitsidwa kumalo oyesera mankhwala, mpaka anthu atachita phokoso n'kumuchotsako. Anafa mu 2000. Kuti zimenezi zikhale nkhanza, sizikudalira kuti Nim ankadziwa galamala kapena ayi.

Ku America kuyesera mankhwala pa achimpanzi kunatha chifukwa cha umboni wouma. Mu 2011 bungwe la akatswiri a zachipatala, Institute of Medicine, linapeza kuti kafukufuku wambiri wotere sankafunikanso, ndipo mu 2015 boma linasiya kulipirira. Njira ya kukhoti yayenda mwina ndi mwina. Loya Steven Wise anasuma mu 2013 m'malo mwa Tommy, chimpanzi amene ankasungidwa yekha m'khola mu shedi ku New York, kuti khoti limuone ngati munthu womangidwa popanda mlandu. Oweruza anakana, ati ufulu wotere umayenda ndi udindo umene chimpanzi sangausenze. Ku Argentina mu 2016 woweruza wa ku Mendoza anavomera pa mlandu wa Cecilia, ndipo anamusamutsira kumalo osungira achimpanzi ku Brazil.

Chimene ndamuuza mtsikanayu, ndipo ndikuchikhulupirira, n'chakuti bodza lokometsera limagwetsa mlandu wabwino. Ukati titeteze chimpanzi chifukwa ndi wofatsa, udzatani tsiku limene adzalanda mwana? Zinachitika ku Gombe mu 2002, pamene chimpanzi wotchedwa Frodo anatsomphola khanda kumsana n'kulipha, ndipo zachitika kangapo kumadzulo kwa Uganda kumene nkhalango zadulidwa ndipo achimpanzi amadya m'minda ya anthu. Makolo a ana amenewo ukawaonetsa kavidiyo kaja, sadzakumveranso ngakhale pa zoona. Chimodzimodzi mayi a nandolo aja. Auze kuti nyani ndi mngelo, akuthira mwala iweyo.

Wati komabe popanda timavidiyo totere anthu sangalabade n'komwe. Mwina. Pamenepo sitinamalize, magetsi anathima.

Lolemba, pa Chitakale

Kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo n'kulakwira lamulo kuno ku Malawi, ndipo ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira apusi ndi anyani amasiye, kuwaphatikiza m'magulu, ena n'kukawamasula ku Kasungu. M'mawa uno mtsikana wapeza nambala, waimba, wafotokoza mudzi ndi njira yake. Gaidi walonjeza kukalankhula ndi makolo a mnyamatayo kuti ayambe amasula chingwe cha m'chiunocho, ndipo watichenjeza kuti tisapangitse mwana wa eni kumangidwa chifukwa cha pusi. Pomulipira, mtsikana wawonjezerapo K20,000 ija, akuti ikhale ya achemwali awo, alembe mnyamata wolondera munda mpaka nandolo atakololedwa.

Tagula zinanazi zinayi, ndatsitsa mtengo mpaka wogulitsa wanditcha Mchawa. Minibasi ya lero ndi yodzera ku Midima. Poyembekeza kuti idzaze, mtsikana walemba uthenga wautali pagulu lawo lija, za Godi, za Flint, za kapusi ka chingwe cha neti, ndi chithunzi chake. Ayankha awiri. Mmodzi wafunsa ngati kapusiko kakugulitsidwabe.

Tikudutsa pa Nkando foni yake yaliranso. Azakhali ake atumiza kavidiyo komwe kaja pagulu la banja, pansi alemba kuti Ameni. Wandiyang'ana. Ine ndayang'ana pawindo, phiri linali litayamba kale kubisala m'mitambo.